Batire la galimoto likutha mobwerezabwereza: kodi ndigule latsopano?

Mayi wina amene amakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe walemba motere: "Ndili ndi Toyota Sienta yosintha yokha magiya, imene ndinaitanitsa kuchokera ku Japan zaka ziwiri zapitazo. Mwezi uno wa Juni yakana kulira katatu m'mawa. Ndikatembenuza kiyi imangomveka thethethe, ndipo nyali za padashibodi zimazirala. Tsiku loyamba anansi anandithandiza ndi majampa. Tsiku lachiwiri mnyamata wina anabwera ndi batire lake, analiza galimoto, kenako anachotsa batire lakelo injini ikulira n'kubwezeretsa langa. Wina akuti ndigule batire latsopano, wina akuti vuto ndi alitaneta, wina akuti ndingothira asidi. Kuntchito kwanga n'kufupi ndi kunyumba, ndipo nthawi zina galimotoyi imakhala masiku angapo osayenda. Ndichite chiyani kuti ndisataye ndalama pachabe?"

Mayi, choyamba mtima wanu ukhale m'malo, chifukwa zimene mwafotokozazi sizikusonyeza kuti injini yawonongeka. Vuto lamtunduwu ndakumana nalo kambirimbiri pa zaka zimene ndakhala ndikukonza zamagetsi m'magalimoto, ndipo nthawi zambiri limatha popanda kuwononga ndalama zochuluka. Komabe anthu atatu amene akulangizaniwo akungoganizira, popeza palibe ngakhale mmodzi mwa iwo amene wayeza kanthu. N'kutheka kuti batire lanu lakalambadi ndipo muyenera kugula lina, koma ndaonapo anthu ambiri atagula batire latsopano n'kulipha pasanathe miyezi iwiri, chifukwa chimene chinapha loyamba lija chinali chidakali m'galimotomo. Choncho ndalamazo muyambe mwazisunga mpaka zitadziwika bwino.

Ntchito yaikulu ya batire ndi yakanthawi kochepa. Mukatembenuza kiyi, sitata imakoka magetsi ochuluka zedi, oposa maampu 100 ngakhale pagalimoto yaing'ono, kuti izunguze injini kwa masekondi awiri kapena atatu. Injini ikangolira, alitaneta, imene imazunguzidwa ndi lamba, ndiyo imapereka magetsi ku nyali, wailesi, kompyuta ya galimoto ndi zina zonse, ndiponso imabwezera m'batire zimene sitata inachotsamo. Batire muliyerekeze ndi mgolo wosungiramo madzi pakhomo. Mukaupeza wouma m'mawa, mwina mgolowo wabooka, mwina madzi sanafike kuchokera kumpopi, mwinanso pali wina amene amatunga usiku inu muli m'tulo. Kugula mgolo wina kumathandiza pokhapokha ngati woyambawo ndi wobooka. Palinso mwayi wakuti madzi alimo odzaza koma potulukira patsekeka, ndipo zimenezi ndi zimene zimachitika mitu ya batire ikachita dzimbiri kapena ikakhwepa.

Phokoso limene mwatchulalo latithandiza kale. Kumveka thethethe mofulumira, nyali za padashibodi zikuzirala, kumatanthauza kuti magetsi ofika ku sitata ndi ochepa, kotero kuti imayesa kugwira n'kutaya, kugwira n'kutaya. Zikanakhala kuti imamveka the kamodzi kokha nyali zikuwalabe bwinobwino, ndikanakayikira sitata yeniyeniyo. Zikanakhala kuti injini ikuzungulira mwamphamvu monga mwa masiku onse koma osalira, batire ndikanalichotsa pamlandu n'kuyang'ana za mafuta kapena za moto wa mapulagi. Ndipo ngati tsiku lina mutatembenuza kiyi n'kungoti zii nyali zikuwala, muonetsetse kuti giya ili pa P, chifukwa galimoto yosintha yokha magiya siilira ikakhala pa D kapena pa R.

Musanaitane aliyense, tsegulani boneti muyang'ane mitu iwiri ya batire, imene amakaniko amati mateminolo. Gwirani chomangira waya pamutu uliwonse n'kuyesa kuchipotoza ndi dzanja. Ngati chikusuntha, mwina vuto lonse lili pomwepo, ndipo misewu yathu yokumbikakumbika imakhwefula zomangira zimenezi kawirikawiri, makamaka ngati batire silinamangidwe pamalo ake ndipo limangodumphadumpha. Ngati pamitupo pamera ufa woyera kapena wobiriwira, ufawo umatchinga magetsi. Mankhwala ake muli nawo kale kukhitchini, omwe ndi soda uja timathira m'therere. Sungunulani supuni imodzi m'kapu ya madzi ofunda, masulani zomangirazo ndi sipanala ya nambala 10 kuyambira ku negetivi, mutu wokhala ndi chizindikiro cha -, tsukani ndi mswachi wakale, pukutani kuti paume, mangani molimba ndipo mupakepo Vaseline pang'ono. Samalani kuti madzi asodawo asalowe m'kati mwa batire, popeza soda amapha mphamvu ya asidi. Ndimadana ndi chizolowezi chokhomera msomali kapena kachitsulo pakati pa mutu ndi chomangira chokhwepa, chifukwa chomangira chatsopano n'chotsika mtengo, pamene msomaliwo umathetheka moto ndi kuwononga mutu wa batire.

Mitu ikakhala yoyera ndi yolimba, chotsatira ndi kuyeza. Chipangizo chake ndi multimeter, chimene aliyense wokonza zamagetsi a galimoto amakhala nacho, ndipo kuyezako sikutenga ngakhale mphindi zisanu. Batire la galimoto ngati yanuyo lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse chopereka mavolti pafupifupi 2.1, choncho likadzaza ndipo galimoto yagona usiku wonse limawerenga mavolti 12.6 kapena pafupi pamenepo. Likawerenga 12.2 ndiye kuti latsala ndi theka la mphamvu yake, ndipo likafika pa 12.0 kapena kutsikirapo ndiye kuti magetsi ake atsala pang'ono kutha kapena atheratu, ngakhale kuti anthu ambiri akaona nambala 12 amaganiza kuti zonse zili bwino. Likawerenga pafupifupi 10.5 ngakhale mutalitchaja, nthawi zambiri chipinda chimodzi chafa ndipo palibenso chochita nalo. Kenako wina atembenuze kiyi woyezayo akuyang'ana: batire labwino ndi lodzaza siliyenera kutsika kupitirira mavolti 9.6 pamene sitata ikuzungulira. Pomaliza, injini ikulira, pamitu ya batire payenera kuwerengeka mavolti apakati pa 13.8 ndi 14.5. Ngati ikulira koma nambala ili pa 12 ndi kadontho, ngakhale mutayatsa nyali ndi kuponda mafuta pang'ono, alitaneta sikutchaja. Ngati ikupitirira 15, ikutchaja mopyola muyeso ndipo ikuwiritsa batire. Manambala atatu amenewa mupemphe kuti muwaone ndi maso anu.

M'kalata mwanu simunanene ngati batireli munalisinthapo chifikireni galimotoyi, ndipo funso limeneli ndi lalikulu. Batire limakhala zaka zitatu mpaka zisanu likamasamalidwa, koma kumalo otentha monga ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja limakalamba msanga, chifukwa kutentha kumaumitsa madzi ake ndi kudya mbale za mtovu zimene zili m'kati. Ngati ndi lomwelija linabwera ndi galimoto, kumbukirani kuti linagwira kale ntchito ku Japan kwa zaka zimene simukuzidziwa, kenako linakhala milungu yambiri likudikira sitima, lili panyanja, ndiponso padoko la Dar es Salaam galimoto isanauyambe ulendo wodzera ku Songwe. Pamwamba pa zimenezo mwaliwonjezera zaka ziwiri. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti batire lovulazidwa ndi kutentha kwa Okutobala limadzaonetsa kufooka kwake m'chisanu cha Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kumachepetsa mphamvu yake komanso oyilo wa injini amakhala wolemera. N'chifukwa chake sindikudabwa kuti vuto lanu layamba mwezi uno, ndiponso kuti limachitika m'mawa.

Koma chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi kayendedwe kanu. Mwanena kuti kuntchito n'kufupi ndipo galimoto imagona masiku angapo. Kuliza kulikonse kumachotsa magetsi, ndipo ulendo wa mphindi zisanu kapena khumi, makamaka m'mawa wachisanu mutayatsa nyali, wailesi ndi chouzira mpweya pagalasi, subwezera zonse zimene zachoka. Mawa lake batire limayamba lili lopereweza pang'ono, mkuja lopereweza kwambiri, mpaka tsiku lina likana. Nyengo zimene mafuta amasowa ndimalandira mabatire ambiri otha chifukwa cha mizere ya kumalo omwetsera mafuta, kumene munthu amaliza galimoto, kusuntha mamita asanu, kuzimitsa, kumvera wailesi ndi kutchaja foni, n'kubwereza zomwezo kakhumi kapena kuposa. Batire la mtovu ndi asidi limadana ndi kukhala lopereweza nthawi yaitali. Likakhala choncho, pambale zake pamamera timibulu toyera timene poyamba timasungunuka mukalitchaja, koma tikakhalitsa timalimba n'kutseka mbalezo mpaka kalekale. Ndiye chifukwa chake batire limene latheratu katatu kapena kanayi silibwereranso pamphamvu yake yakale. Pachifukwa chomwechi, musamalichotse m'galimoto kukayatsira wailesi yakanema kapena nyali zam'nyumba magetsi akazima, popeza linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa kanthawi, osati kukamidwa pang'onopang'ono usiku wonse monga amachitira mabatire a sola.

Wotunga madzi usiku uja nayenso ayenera kufufuzidwa. Galimoto iliyonse yamakono imadya timagetsi tochepa ngakhale itazimitsidwa, kuti wotchi, kompyuta ndi zokhomera zitseko zisaiwale ntchito yake, ndipo kudya koyenera sikupitirira mamiliampu 50 kapena pafupi pamenepo. Vuto limabwera ndi zinthu zimene zinawonjezeredwa galimoto itafika kuno, monga alamu, tracker, wailesi ina, zokuzira mawu kapena kamera, makamaka ngati woikayo analumikiza waya molunjika ku batire. Mayi wina anasintha mabatire awiri m'chaka chimodzi asanabwere kwa ine, ndipo titafufuza tinapeza kuti kanyali ka kumbuyo kosungira katundu sikankazima chitseko chikatsekedwa, chifukwa kaswitchi kake kanali katapindika. Kayezedwe kake nkosavuta kwa wodziwa: amalumikiza multimeter pakati pa mutu wa negetivi ndi waya wake, amatseka zonse, amadikira mphindi 20 kapena 30 kuti makompyuta agone, kenako amazula mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala itatsika. Inu chimene mungachite panokha ndi kutuluka usiku wina kukasuzumira m'galimoto ngati muli chowala, ndiponso kuzula tchaja ya foni mukamatsika.

Tsopano ndifike pa zimene anachita mnyamata wa tsiku lachiwiri uja, chifukwa m'kalata yanu yonse ndi zimene zandidetsa nkhawa koposa. Ndikukhulupirira kuti anali ndi mtima wothandiza, ndipo njira imeneyi anthu anaizolowera pa magalimoto akale amene analibe kompyuta. Palinso msuweni wake wa njirayi, umene ndi mchitidwe wozula waya pamutu wa batire injini ikulira, ati pofuna kuona ngati alitaneta ikugwira ntchito. Zonse ziwiri musadzalolenso pagalimoto yanu. Injini ikamalira, batire limagwira ntchito ina imene siioneka, yomeza magetsi opyola muyeso kuti asafike kuzipangizo zina. Mukalichotsa mwadzidzidzi, mavolti ochokera ku alitaneta amatha kulumpha kwa kamphindi kufika pamwamba kwambiri, ndipo kamphindi kameneko n'kokwanira kupsereza kompyuta ya injini, ya magiya, dashibodi kapena alitaneta yeniyeniyo. Sizichitika nthawi zonse, n'chifukwa chake ochita zimenezi amati akhala akuchita kwa zaka zambiri popanda vuto. Koma ndinalandirapo Toyota Ractis itachita kukokedwa pambuyo pa kuyesa kotereku, ndipo mwini wake anadikira milungu ingapo kuti kompyuta ina ipezeke, n'kulipira ndalama zokwanira kugula mabatire angapo. Kuwonjezera apo, waya wa pozitivi ukakhala lendelende injini ikulira, ukangokhudza chitsulo cha galimoto umathetheka moto pafupi ndi mafuta.

Majampa, omwe ndi mawaya awiri olumikizira batire lanu ku batire la galimoto ina, ndiwo njira yoyenera, malinga alumikizidwe mwadongosolo. Galimoto yothandizayo ikhale ya mavolti 12 ngati yanu. Malole ndi mabasi akuluakulu ambiri ndi a mavolti 24, ndipo amenewo angapsereze zamagetsi zanu zonse. Magalimoto awiriwo ayandikane koma asakhudzane, onse azimitsidwe, giya ikhale pa P ndipo buleki yamanja ikokedwe. Waya wofiira uyambe wagwira mutu wa pozitivi, wokhala ndi chizindikiro cha +, pabatire lakuthalo, ndipo mbali yake inayo igwire pozitivi ya batire lamoyo. Kenako waya wakuda ugwire negetivi ya batire lamoyo, koma mbali yake yomaliza isapite pabatire lakutha ayi, ipite pachitsulo chopanda penti cha injini yanu, monga bawuti yaikulu, patali ndi batire ndiponso patali ndi lamba ndi fani. Chifukwa chake n'chakuti kulumikiza komaliza kumathetheka, pamene batire limatulutsa mpweya wa haidrojeni umene umaphulika ukakumana ndi moto. Musadalire mtundu wa mawaya a pagalimoto, popeza ena anasinthidwa kale. Pukutani pabatire muone zizindikiro zenizenizo, chifukwa kusemphanitsa mitu ngakhale kwa sekondi imodzi kumawotcha fyuzi yaikulu, ndipo nthawi zina alitaneta.

Mukatero lizani galimoto yothandizayo, muisiye ikulira kwa mphindi zisanu kuti batire lanu lilandireko kanthu, kenako yesani yanu. Musagwire kiyi kupitirira masekondi khumi, ndipo ikakana mupume mphindi imodzi musanayesenso. Ikakana katatu kapena kanayi lekani, chifukwa mwina mawaya sanagwire bwino kapena vuto lili pena. Ikalira, chotsani mawaya mobwerera m'mbuyo, kuyambira wakuda wa painjini yanu, osalola kuti zopanira zikhudzane. Pogula majampa musankhe a waya wonenepa ndi wolemera, popeza otsika mtengo ambiri amanenepa ndi pulasitiki yokha, ndipo amangotentha osaliza galimoto. Masiku ano kulinso timabatire ta m'manja tolizira galimoto, tooneka ngati chotchajira mafoni chachikulu, ndipo kwa munthu woyenda yekha ndimaona kuti n'tothandiza, bola muzikumbukira kutitchaja.

Anthu okoma mtima akadzakuuzani kuti akukankheni, muwathokoze koma mukane. Galimoto yosintha yokha magiya siilira ndi kukankha, ndipo kuikoka ndi ina pofuna kuiliza kumangowononga giyabokisi. Kukankha kumatheka pagalimoto ya kilatchi, kiyi atatembenuzidwa kuti nyali za padashibodi ziyake, giya ili pa 2, kenako n'kutaya kilatchi galimoto ikathamanga pang'ono. Ngakhale pamenepo, batire likatheratu moti nyalizo sizikuyaka, pampu ya mafuta ndi kompyuta sizidzuka, ndipo okankhawo amangotopa pachabe. Kwa owerenga amene ali ndi magalimoto a hybrid, oyendera mafuta ndi magetsi, monga Toyota Aqua ndi Prius, dziwani kuti nawonso ali ndi kabatire ka mavolti 12 kamene kakatha galimoto siidzuka ngakhale batire lalikulu lili lodzaza. Pa Aqua kamakhala pansi pa mpando wakumbuyo. Magalimoto amenewa akhoza kujampidwa, koma musawagwiritse ntchito pojampa ena, ndipo mawaya a mtundu wa lalanje musawakhudze n'komwe, chifukwa amanyamula magetsi okhoza kupha munthu.

Galimoto ikalira ndi majampa sindiye kuti batire ladzaza. Kuyenda mphindi 30 kumabwezeramo zokwanira kulizanso kamodzi kapena kawiri, koma alitaneta inapangidwa kuti izisunga batire lodzaza, osati kudzutsa lakufa, ndipo kuisenzetsa ntchito imeneyi mobwerezabwereza kumaitenthetsa. Batire limene latha katatu ngati lanuli liyenera kuikidwa patchaja ya magetsi apakhoma, mwapang'onopang'ono. Lamulo limene timatsatira ndi kulipatsa maampu okwana gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwake, kotero kuti batire la 45Ah limafuna maampu 4 kapena 5 kwa maola 10 mpaka 12. Otchaja mabatire ena amakankhira magetsi ambiri kwa ola limodzi kuti kasitomala asadikire, koma zimenezi zimatenthetsa ndi kupinda mbale. Likadzaza, lipume maola angapo, kenako liyezedwe ndi chipangizo chimene chimalisenzetsa katundu ngati wa sitata, chimene ogulitsa mabatire odalirika amakhala nacho. Kuyeza batire lopanda magetsi n'kunena kuti lafa ndi kuweruza mopupuluma, ndipo ogulitsa ena amapezerapo mwayi pamenepa.

Za kuthira asidi ndikukana ndithu. Madzi a m'batire akatsika, chimene chauluka ndi madzi okha, asidi amatsalira momwemo. Mukawonjezera asidi wina mumakhwimitsa msanganizowo mopyola, ndipo batire limaoneka ngati ladzuka kwa masiku ochepa kwinaku mbale zikudyeka. Ngati batire lanu lili ndi zivindikiro zotsegula, suzumirani muone ngati madzi akuphimba mbale, ndipo akachepa thiranimo madzi a batire ogulitsidwa m'mabotolo mpaka pamzere wapamwamba, osapitirira. Madzi apampopi, apamjigo kapena akumwa a m'botolo ali ndi mchere umene umawononga mbale. Ngati ndi batire lomata lopanda zivindikiro, musaliboole. Mapiritsi, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi zina zimene anthu amati zimadzutsa batire musazilabadire.

Zikatsimikizika kuti batire lafadi, werengani zolembedwa pa limene lilipo musanapite kusitolo, kapena mulijambule ndi foni. Mabatire a magalimoto a ku Japan amalembedwa monga 46B24L. Nambala yoyambayo imasonyeza mphamvu, chilembo B chimasonyeza kutambalala ndi msinkhu wake, 24 ndi utali wake m'masentimita, ndipo L kapena R amasonyeza mbali imene mitu ili. M'masitolo mwathu batire la kukula kumeneku limadziwika kwambiri ndi dzina la NS60, pamene laling'ono ndi NS40 ndipo la magalimoto akuluakulu ndi N70. Mukhoza kugula la nambala yoyamba yokwererapo, monga 55B24L m'malo mwa 46B24L, koma zinazo zifanane, chifukwa mukalakwitsa L ndi R mawaya safika, ndipo okakamiza amathera posemphanitsa mitu. Magalimoto amene amazima okha akaima pamaloboti amafuna mabatire apadera olembedwa monga M-42, N-55 kapena Q-85, ndipo batire wamba limatha msanga mwa iwo. Funsani tsiku limene batire linapangidwa, pemphani kuti aliyeze inu mukuona, ndipo lisiti ndi chikalata cha chitsimikizo muzisunge m'galimoto. Mabatire akale opukutidwa bwino amene amagulitsidwa m'misika akuti anakonzedwanso sindikulimbikitsani, popeza mbale zotha sizibwerera.

Pali chinthu china chimene eni magalimoto a ku Japan amachidziwa mochedwa. Mawailesi ambiri amene amabwera ndi magalimotowa, makamaka okhala ndi mapu, akangosowa magetsi amadzitseka n'kuyamba kufuna nambala yachinsinsi kapena khadi lake la SD, limene nthawi zambiri linatsala ku Japan kapena linasowa m'njira. Ngati wailesi yanu ndi yotero, muuze wosinthayo kuti alumikize kabatire kena kosunga magetsi pamene akusintha. Pochotsa batire amayamba negetivi, ndipo pobwezeretsa negetivi imakhala yomaliza, kuti sipanala ikakhudza chitsulo cha galimoto pasathetheke moto. Mphete ndi wotchi yachitsulo zivulidwe. Mukaona kuti pambuyo pake injini ikulira mosakhazikika kwa kanthawi kapena galasi lapakhomo la dalaivala silikukwera lokha, musadandaule, chifukwa kompyuta imakhala ikuphunziranso ndipo galasilo limangofuna kulitsitsa ndi kulikweza mpaka kumapeto mutagwirabe batani.

Ndikanakhala inu, sabata ino ndikanatsuka ndi kumanga mitu, kenako n'kupita kwa wokonza zamagetsi a galimoto, osati makaniko wa injini chabe, kuti atchaje batire usiku wonse, aliyeze, ayeze alitaneta ndiponso ayeze magetsi amene galimoto imadya itazimitsidwa. Zonse zikapezeka bwino, ndiye kuti chotsala ndi kayendedwe kanu, ndipo kamodzi pa sabata muziyenda ulendo wosaima wa mphindi 30 kapena 40, monga kutsata msewu wa M1 kukafika ku Lumbadzi n'kubwerako. Ndikudziwa kuti mafuta ndi okwera mtengo, choncho tchaja yaing'ono imene imadzizimitsa yokha batire likadzaza ingakupulumutseni ngati galimoto imagona pafupi ndi soketi. Kungoiliza pakhomo kwa mphindi zisanu m'mawa uliwonse sikuthandiza kwenikweni.

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kudikira. Nyali yofiira yooneka ngati batire ikayaka padashibodi mukuyenda, imatanthauza kuti alitaneta yasiya kutchaja ndipo galimoto ikuyendera batire lokha, choncho zimitsani wailesi ndi zoziziritsa mpweya mulunjike kugalaja. Ngati nthawi yomweyo injini yayamba kutentha, imani pomwepo, chifukwa mwina lamba waduka, ndipo pa magalimoto ambiri lamba yemweyo ndi amene amazunguza pampu ya madzi. Batire likatupa m'mbali, likasweka, likamadontha, likatentha kwambiri kapena likamanunkha ngati dzira lovunda, musalijampe ndipo musalitchaje, ndiponso pasakhale wosuta fodya kapena woyatsa machesi pafupi. Asidi akagwera pakhungu tsukani ndi madzi ambiri, ndipo akalowa m'maso tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15 kenako mupite kuchipatala msanga, ngakhale ululu utachepa.

Batire lakalelo musalisiye kuseri kwa nyumba kapena kulisandutsa mpando wapakhonde. Mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo wa ana aang'ono ngakhale atalowa m'thupi pang'ono pokha, ndipo asidi akatayikira pansi amalowa m'nthaka pafupi ndi chitsime kapena dimba. Ogulitsa mabatire ambiri amalandira lakale n'kuchotserako mtengo wa latsopano, choncho mufunse musanalipire. Polinyamula likhale choimirira m'katoni kapena m'beseni la pulasitiki, lisagwe m'njira, ndipo mukafika musambe m'manja ndi sopo musanagwire chakudya.